Kudya mosawononga nthaka: poyambira, miyezo yake, ndi pamene zinthu zimalakwika

Munthu akamva kuti chakudya chikuwononga dziko, maganizo ake amathamangira ku mapulasitiki okulungira ndi ku malole ochinyamula kuchokera kutali. Zimenezo zilipo ndithu, koma ndi kachigawo kakang'ono. Chiwonongeko chachikulu chimachitika chakudyacho chisanachoke pamunda: pogwetsa nkhalango, pothira feteleza, ndi m'mimba mwa ng'ombe. Mu 2018 Joseph Poore ndi Thomas Nemecek anasanthula zochokera m'minda pafupifupi 38,700 ya m'mayiko 119, ndipo anapeza kuti chakudya chimatulutsa pafupifupi 26 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko umene anthu amatulutsa. Pa gawo limenelo, mayendedwe ndi pafupifupi 6 peresenti yokha. Choncho amene akufuna kusintha kadyedwe kake ayambe ndi nyama imene amadya, kenako chakudya chimene amataya, kenako zakudya za m'fakitale. Zina zonse zibwere pambuyo pa zitatuzi.

Kumene vuto lagona

Ulimi wa makampani akuluakulu unamangidwa pa mfundo imodzi, yokolola zochuluka kuchokera ku mitundu yochepa ya mbewu pamtengo wotsika. Wakwanitsadi zimenezo, ndipo anthu ambiri akudya chifukwa cha iwo. Koma pali ngongole imene silembedwa pa paketi.

Tengani feteleza. Njira yokoka nayitulojeni mumpweya popanga feteleza anaitulukira Fritz Haber mu 1909, ndipo Carl Bosch anaifikitsa m'fakitale mu 1913. Imadya gasi wochuluka kwambiri. Pa nayitulojeni yemwe amathiridwa m'minda padziko lonse, mbewu zimamwa wosafika theka. Wotsalayo wina amakokoloka n'kulowa m'mitsinje, komwe amameretsa ndere. Ndereyo ikafa n'kuwola imamaliza okosijeni wa m'madzi, nsomba n'kufa kapena kuthawa. Izi zimachitika chaka ndi chaka pamene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico. Wina amasanduka mpweya wa nitrous oxide, umene umasunga kutentha kuposa kaboni dayokisaidi maulendo oposa 270.

Ndipo zokolola zambirizo sizifika pa mbale ya munthu. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a soya wa padziko lonse amadyetsedwa ku ziweto. Ziweto zimatenga pafupifupi 83 peresenti ya malo onse a ulimi, mukaphatikiza msipu ndi minda yolima chakudya chake, koma zimangopereka 18 peresenti ya mphamvu zimene anthu amapeza m'chakudya ndi 37 peresenti ya mapuloteni. Ku Brazil, chifukwa chachikulu chogwetsera nkhalango ya Amazon ndi kutsegula msipu wa ng'ombe. M'makola mothithikana nkhuku kapena nkhumba zikwizikwi matenda amafala msanga, ndiye ziwetozo zimamwetsedwa maantibayotiki, nthawi zambiri zisanadwale n'komwe. Pafupifupi 70 peresenti ya mankhwala amenewa padziko lonse amathera pa ziweto, ndipo mabakiteriya akamakumana nawo tsiku ndi tsiku amasiya kuwamva. N'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa mu 2006 kugwiritsa ntchito maantibayotiki pongofuna kukulitsa ziweto msanga.

Kudalira mitundu yochepa kuli ndi ngozi yakeyake. Nthochi ya Gros Michel, imene inkagulitsidwa m'mayiko ambiri, inatheratu m'minda ya malonda m'zaka za m'ma 1950 chifukwa cha nthenda imodzi ya m'nthaka. Inalowedwa m'malo ndi Cavendish, ndipo mtundu watsopano wa nthenda yomweyo, TR4, unafika ku Colombia mu 2019. Tirigu, mpunga ndi chimanga zokha zimapereka pafupifupi theka la mphamvu zimene anthu amapeza ku zomera. Nkhondo itayamba ku Ukraine mu 2022, mitengo ya tirigu inakwera ngakhale m'mayiko amene sanamvepo kulira kwa mfuti imodzi.

Nyama: yezani kaye, kenako chepetsani

Anthu ambiri sadziwa kuchuluka kwa nyama imene amadya. Pezani sikelo ya kukhitchini, ndipo kwa masabata awiri lembani kulemera kwa nyama yonse yolowa m'nyumba, mtundu uliwonse paokha, n'kugawa ndi chiwerengero cha odya. Mitunduyi imasiyana kutali. Kilogalamu imodzi ya nyama ya ng'ombe imatulutsa mpweya wofanana ndi makilogalamu pafupifupi 60 a kaboni dayokisaidi. Ya nkhosa 24, tchizi 21, ya nkhumba 7, ya nkhuku 6, mazira pakati pa 4 ndi 5, pamene nyemba ndi zinzake zili pa 1 kapena 2. Ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimabzikula, ndipo pogeya zimatulutsa methane, mpweya wotenthetsa dziko. Zimachedwanso kukula: kuti mupeze kilogalamu ya nyama ya ng'ombe pamafunika chakudya cha ziweto chokwana makilogalamu pafupifupi 25, pamene nkhuku imafuna atatu ndi pang'ono.

Muyezo wa zaumoyo wa bungwe la World Cancer Research Fund ndi woti nyama yofiira yophika, monga ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi mbuzi, isapitirire magalamu 350 mpaka 500 pa sabata. Gulu la akatswiri la EAT-Lancet, powerengera umoyo wa munthu pamodzi ndi wa dziko mu 2019, linafika pa magalamu pafupifupi 100 pa sabata. Musalumphire pamenepo tsiku limodzi, mudzabwerera. Dulani pakati muyezo umene mwapeza pa sikelo, mukhale nawo mwezi wathunthu, kenako muonenso. Njira imene imagwira ntchito m'mabanja ambiri ndi kusunga kukoma kwa nyama koma kuchepetsa kuchuluka kwake: pa nyama yogaya, theka ikhale mphodza zophika, pa msuzi, magalamu 250 a nyama ya mafupa okazingidwa bwino mpaka kufiirira amakometsa mphika wa nyemba wa anthu sikisi.

Cholakwika chofala ndi kusiya ng'ombe n'kudzaza mbale ndi tchizi, amene amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko kuposa nkhuku katatu. China ndi kuthawira ku soseji ndi bekoni poganiza kuti n'zochepa. Mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inaika nyama zokonzedwa chonchi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo inati magalamu 50 tsiku lililonse amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti.

Tinene mosabisa: malangizo ochepetsa nyama ndi a anthu amene amaidya kwambiri. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, kapena banja limene limalawa nyama mwa apo ndi apo, amafunika dzira, mkaka ndi nsomba zowonjezera. Palinso malo ouma kapena amiyala amene sangalimidwe, kumene ziweto ndi njira yokhayo yosandutsira udzu kukhala chakudya. Amene wasankha kusiyiratu zonse za ku nyama ayenera kumwa vitamini B12, chifukwa zomera sizimupereka modalirika, ndipo akasowa kwa zaka zingapo minyewa imawonongeka mwakachetechete.

Kuphika nyemba kuti anthu azifunenso mawa

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amachepetsa nyama, amaphika nyemba zolimba zotupitsa mimba, ndipo pakatha sabata banja lonse lakana. Nyemba, khobwe, nandolo, mphodza ndi soya ndi msana wa kadyedwe aka, chifukwa zimapereka mapuloteni komanso mabakiteriya a pamizu yake amakoka nayitulojeni mumpweya, motero zimafuna feteleza wochepa. N'zoyenera kuziphunzira bwino.

Kapu imodzi ya nyemba zouma, magalamu pafupifupi 200, imatulutsa magalamu pafupifupi 500 zikapsa, ndipo muli mapuloteni okwana magalamu 40 kapena kuposerapo. Munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza magalamu 48 patsiku kwa wolemera makilogalamu 60. Sankhani miyala ndi zofumbwa, tsukani, n'kuzinyika m'madzi okwana makapu atatu pa kapu iliyonse kwa maola 8 mpaka 12. Kukatentha musapitirire pamenepo, zimayamba kusasa. Supuni yaikulu imodzi ya mchere pa lita ya madzi onyikirawo imathandiza khungu kufewa. Zoti mchere umalimbitsa nyemba si zoona. Zimene zimalimbitsa ndi zowawasa, monga tomato, mandimu ndi viniga, choncho izi zilowe nyemba zitafewa kale.

Tayani madzi onyikira, thirani ena, ndipo zibwate kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Pa nyemba zofiira zazikulu, mphindi zimenezi si zokambirana. Zili ndi poizoni wachilengedwe amene amafa ndi kubwata kokha, ndipo nyemba zinayi kapena zisanu zosapsa zimakwanira kuyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba pasanathe maola atatu. Miphika yamagetsi yophika pang'onopang'ono nthawi zina sifika pobwata, ndiye nyembazo zibwate kaye pamoto zisanalowe mmenemo. Zikatero chepetsani moto, vundikirani, ziphike mphindi 45 mpaka 90. Mphodza sizifuna kunyika, zimapsa m'mphindi 20 mpaka 30.

Ngati zakana kufewa ngakhale patapita maola awiri, kawirikawiri ndi zakale, zosungidwa malo otentha ndi achinyontho. Kasoda kochepa, kotala la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu, kamathandiza, koma wambiri amawononga vitamini B1 ndipo amasiya kakomedwe ka sopo. Za mpweya wa m'mimba, mankhwala ake ndi kuzolowera: yambani ndi masupuni aakulu atatu patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu.

Mungapulumutsenso moto wambiri. Nyemba zonyikidwa zikabwata mphindi 20, chotsani mphika uli wovundikira, muukulunge ndi bulangete lokhuthala, muuike m'dengu kapena m'katoni yodzaza ndi nsalu kapena udzu wouma pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola atatu kapena anayi zapsa. Mphikawo ukhale wodzaza bwino, chifukwa wa theka umazizira msanga, ndipo musausuzumire. Mukaupeza wangofunda, ubwatitseninso musanadye.

Idyani nyemba ndi tirigu, mpunga, chimanga, mapira kapena mawere tsiku lomwelo, chifukwa mapuloteni ake amakwaniritsana. Ayironi wa m'zomera thupi limamuyamwa movutikira. Tomato, lalanje kapena masamba osapsetsa pa chakudya chomwecho zimathandiza, pamene tiyi ndi khofi zimatchinga, ndiye zidikire ola limodzi.

Chakudya chimene chimathera kudzala

Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linawerengera kuti mu 2022 matani okwana 1.05 biliyoni a chakudya anatayidwa m'masitolo, m'malo odyera ndi m'nyumba, ndipo 60 peresenti inatayidwa m'nyumba, pafupifupi makilogalamu 79 pa munthu aliyense pachaka. Chakudya chotayidwa chimapita ndi madzi, feteleza ndi thukuta zonse zimene zinachilima, ndipo chikakwiririka kudzala chimawola popanda mpweya n'kutulutsa methane.

Kwa sabata imodzi, chilichonse chodyeka chimene mukutaya muziika m'chidebe chimodzi, muziyeza madzulo ndi kulemba kuti ndi chiyani. Mudzapeza kuti ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zomwezomwezo. Ngati ndi zophika, vuto ndi muyezo: mpunga wouma magalamu 75 amakwana munthu wamkulu mmodzi, ndipo kapu yoyezera imathetsa nkhaniyo. Ngati ndi masamba ndi zipatso, vuto ndi kagulidwe kapena kasungidwe. Nthochi, maapozi, mapeyala ndi tomato zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umapsetsa ndi kufotetsa zoyandikana nazo, choncho zikhale kutali ndi masamba. Mbatatesi zikhale pamdima, padera ndi anyezi. Zikayamba kubiriwira, pamenepo pali poizoni, dulani mozama kapena tayani ngati zabiriwira kwambiri.

Zotsala n'zabwino ngati mwazisamala. Mabakiteriya amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Chigaweni m'mabakuli osazama kuti chizizire msanga, chilowe m'firiji yozizira osapitirira madigiri 5, chidyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndipo potenthetsa chitenthe mpaka pakati, kamodzi kokha. Mpunga umafuna changu choposa: muli mabakiteriya amene sakufa pophika, ndipo ukakhalitsa uli wofunda amatulutsa poizoni amene sathanso ndi moto. Uzizire pasanathe ola, udyedwe mawa lake. Kumene kulibe firiji, njira ndi kuphika zokwana chakudya chimodzi.

Pa mapaketi, mawu akuti "use by" ndi a chitetezo, ndipo tsikulo likadutsa musadye. Akuti "best before" ndi a kakomedwe chabe. Ufa, mpunga kapena chitini chosatupa ndi chosachita dzimbiri zimakhalabe zabwino tsikulo litapita.

Amene amagula kapena kukolola zouma zambiri asamale chinyontho. Chimanga chisungidwe chitauma kufika pa 13 peresenti, mtedza pa 7 kapena 8. Poyesa, ikani dzanja limodzi la mbewu m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi masupuni awiri a mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume. Yosauma imachita chuku chotulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi amene sathera pamoto. Musapatsenso ziweto, chifukwa amadutsa mpaka mumkaka. Matumba kapena migolo yosalowa mpweya imapha tizilombo tofumbwitsa popanda mankhwala, bola isamatsegulidwe pafupipafupi.

Masamba akachuluka, afutseni: aviikeni m'madzi obwata kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ayanikeni mopyapyala pamthunzi podutsa mphepo mpaka azithetheka, n'kuwatsekera mouma. Dzuwa lachindunji limawawaula n'kuwononga mavitamini. Kabichi amasungika pomusasitsa. Mudule mopyapyala, muthire mchere magalamu 20 pa kilogalamu iliyonse, mufikise ndi manja mpaka atuluke madzi, mutsendere m'botolo kuti madziwo amumize, ndipo chivundikiro musamange kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pamalo a madigiri 18 mpaka 22 amakhala atasasa pakatha sabata imodzi kufikira zinayi. Akachita chuku, chifukwa chake nthawi zambiri ndi kabichi woyandama pamwamba pa madzi. Akatelera n'kununkha, mchere unachepa kapena malowo anatentha kwambiri.

Kuwerenga paketi

Mu 2009 Carlos Monteiro wa pa yunivesite ya São Paulo anayamba kugawa zakudya potengera mmene zakonzedwera, ndipo gulu lomaliza ndi la zimene zimapangidwa ndi zidutswa za mbewu zotsika mtengo, monga sitalichi, shuga ndi mafuta, n'kuwonjezera mtundu, fungo ndi zolimbitsa. Mu 2019 Kevin Hall anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku ku United States, masabata awiri akudya zamtunduwu ndi ena awiri akudya zophika kuchokera ku zinthu zachilengedwe. Pa zoyambazo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi.

Tembenuzani paketi. Zinthu zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye shuga akakhala pa zitatu zoyambirira, mwadziwa chimene mukugula. Mukaona mayina angapo a zinthu zimene simungazipeze m'khitchini ya munthu, ndi za gulu lomaliza lija. Yerekezani pa magalamu 100: shuga woposa magalamu 22.5 kapena mchere woposa 1.5 ndi wambiri. Akalemba sodium, chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. WHO imati mchere usafike magalamu 5 patsiku, ndipo shuga wowonjezera asapitirire pafupifupi magalamu 50. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimakhala ndi pafupifupi 35.

Sikuti chilichonse cha m'chitini n'choipa. Nyemba za m'chitini, masamba oumitsidwa ndi chisanu, ndi nsomba za m'chitini zimachepetsa zotayidwa ndipo zimapulumutsa munthu wotopa. Mafuta a kanjedza nawo ndi nkhani yovuta: pafupifupi 85 peresenti amachokera ku Indonesia ndi Malaysia, kumene awonongetsa nkhalango zambiri, koma amatuluka ochuluka pa hekitala kuposa mafuta ena onse, moti kungosinthira ku mafuta ena kungafune malo okulirapo. Chothandiza ndi kuchepetsa mabisiketi ndi zokazinga za m'mapaketi kumene mafutawa amathera.

Za kutali, za pafupi, ndi zikwangwani

Kugula kwa mlimi wapafupi kuli ndi ubwino weniweni: ndalama zambiri zimafika kwa wolima, mumatha kufunsa kalimidwe, ndipo mumapeza mitundu imene masitolo akuluakulu saifuna. Koma nyama ya ng'ombe yapafupi imatulutsabe mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kutali kuposa nyemba zobwera pa sitima. Zoti muzipewe ndi zobwera pa ndege, zimene kawirikawiri zimakhala zosachedwa kuwonongeka zogulitsidwa nthawi imene si yake, komanso zolimidwa m'nyumba zotenthetsedwa ndi gasi. Kudya za nyengo yake kumathetsa zonse ziwiri. Ulimi wosathira mankhwala umateteza tizilombo tothandiza ndi madzi, ngakhale zokolola zake zimatsika ndi pafupifupi 20 peresenti pa hekitala, choncho umagwira bwino ntchito ukayendera limodzi ndi kuchepetsa nyama ndi zotayidwa. Pa nsomba, FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ikuti magulu oposa gawo limodzi mwa atatu a nsomba za m'nyanja zikuluzikulu akuphedwa mopitirira muyezo. Sankhani zing'onozing'ono zoswana msanga, kapena zoweta zodya zomera, ndipo musagule zimene sizinakule. Amene ali ndi mawu pa zogula za sukulu, chipatala kapena kantini ya kuntchito ali ndi mphamvu yoposa ya khitchini yake maulendo mazana, ndipo miyezo yomweyi imagwira ntchito kumeneko.

Zotsala zosadyeka zibwerere m'nthaka

Makoko, zikhokho za mazira ndi masamba a tiyi zimapanga manyowa. Mulu ukhale pafupifupi mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, chifukwa wochepa sugwira kutentha. Pa chidebe chimodzi cha zaziwisi thirani ziwiri kapena zitatu za zouma, monga masamba ouma, udzu, mapesi oduladula kapena makatoni ong'amba. Chinyontho chikhale chakuti mukafinya m'dzanja mutuluke dontho limodzi kapena awiri. Pakatha masiku ochepa pakati pamatentha kufika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo ta matenda. Zikani ndodo pakati, mukaizula ikhale yotentha. Tembenuzani sabata iliyonse kapena ziwiri, zakunja zilowe mkati. Mulu ukanunkha ngati dzira lowola, wanyowa kwambiri ndipo mpweya sukulowa: tembenuzani, onjezani zouma. Ukamveka fungo la mkodzo, zaziwisi zachuluka. Ukangokhala wozizira osasintha, wauma kapena zaziwisi zachepa. Nyama, mafuta ndi zamkaka zisalowemo, zimaitana makoswe. Manyowa apsa akada, akamayoyoka m'dzanja ndi kununkhira dothi, nthawi zambiri pakatha miyezi iwiri mpaka inayi. Osapsa amalanda nayitulojeni wa m'nthaka pomaliza kuwola ndipo mbande zimachita chikasu, choncho ngati mukuonabe makoko, dikirani masabata ena awiri musanathire.